Tambala Walira pa Geti la Instituto

LACHIWIRI

[09:41] Benvinda: ndiye akuitanira chani ku instituto, kusukulu yanu ya uphunzitsiko
[09:41] Benvinda: nate
[09:58] Benvinda: ndikuona wawerenga
[10:16] Natércia: ndangotuluka kumene kwa a director
[10:16] Natércia: amayi ndikufunseni. lachisanu lija a formador Custódio, aphunzitsi athu aja, anabwera ku Lifidzi kudzandionerera ndikuphunzitsa, munaika chani mgalimoto ya instituto?
[10:18] Benvinda: batata thumba limodzi
[10:18] Benvinda: ndi tambala wofiira uja
[10:19] Natércia: meu Deus
[10:21] Benvinda: 🎤 (0:34) Deus wachiyani? Munthu wadzuka m'mamawa, wakhala kumbuyo kwa kalasi yako pa kabenchi ka ana mpaka dzuwa pamutu, ndamuitanira kunyumba wakana, akuti ali pa changu. Ndiye abwerere manja lende ngati wachokera kwa anthu opanda munda? Ndinapatsa Timóteo, woyendetsa galimoto uja, ndinati ika pansi pa lona, mwini wake akaona akafika. Cholakwika n'chiti pamenepo?
[10:23] Natércia: tambala wanuyo analira pa geti. a director ataima pompo. anavundukula lona
[10:23] Natércia: nota yanga ya estágio, malikisi a kuyeserera kuphunzitsa aja, aifufuta
[10:24] Benvinda: 16 pa 20 ija
[10:24] Natércia: yonse
[10:25] Benvinda: cfkw cha tambala
[10:27] Natércia: pali lamulo latsopano chaka chino. formador akapatsidwa kanthu ndi wophunzira kapena abale ake, aula, phunziro lomwe anaonereralo, siiwerengedwa
[10:27] Benvinda: iwo sanalandire. sanadziwe nkomwe
[10:28] Natércia: akuti bola zinakwera mgalimoto
[10:29] Natércia: popanda nota ya estágio palibe diploma. ndibwereza chaka chamawa. anzanga alembedwa ntchito ine ndili pakhomo
[10:30] Benvinda: analemba ndani lamulo limenelo
[10:32] Natércia: ma formador a ma instituto onse, ali ndi komiti yawo, comissão, ku Tete. a Custódio omwewo ndi amene analimbikira kt lilowe
[10:32] Benvinda: eee ndiye nkhani yaphweka
[10:33] Benvinda: womanga mfundo ndi amene amamasula. ndipatse namba yawo
[10:33] Natércia: ayi
[10:33] Benvinda: namba
[10:34] Natércia: amayi chonde musalowemo. mwachita kale zokwanira
[10:35] Benvinda: timóteo ali nayo

Benvinda wapanga gulu “nota ya nate”
Benvinda waika Natércia
Benvinda waika Formador Custódio

[12:04] Benvinda: mwaswera bwnj a fomadori. ndine benvinda mayi wake wa natércia. wa batata pa msewu pa lifidzi
[12:05] Natércia: senhor formador pepani, desculpe, sindinawapatse namba ine
[12:40] Benvinda: a fomadori
[13:15] Benvinda: mizere yabiriwira. mwaona
[14:31] Custódio: Ndaswera bwino amayi, kaya inu. Ndinali m'kalasi. Nkhaniyi yandipweteka nane, koma si yokambira pa foni.
[14:32] Benvinda: tikambira pati. ine malo ndikasiya mbuzi zindidyera malonda
[14:33] Benvinda: tichite chonchi. mundibwezere thumba ndi tambala, inu mubweze 16. palibe wadya cha mnzake
[14:36] Custódio: Thumba lili ku ofesi, ku secretaria, nkhani yalembedwa kale. Tambala ali kukhitchini ya internato, kogona ophunzira.
[14:36] Benvinda: akumudyetsa?
[14:37] Custódio: Akumudyetsa.
[14:39] Benvinda: 🎤 (0:19) Ndikufunseni chimodzi, muyankhe ngati munthu wobatizidwa. Nota imene ija munailemba liti? Musanaone tambala kapena mutamuona?
[14:43] Custódio: Ndinailemba m'kalasi momwemo, ana asanatuluke. Natércia anaphunzitsa bwino. Ana anali odzaza mpaka pakhomo koma a kumbuyo omwe anawerenga.
[14:43] Benvinda: ndiye tambala anagula chani
[14:45] Custódio: Sanagule kanthu. Koma lamulo silifunsa kuti chinayamba n'chiti. Tinalilemba dala choncho.
[14:45] Benvinda: dala
[14:51] Custódio: 🎤 (1:07) Amayi, mundimve. Ndayenda m'masukulu zaka zambiri kuonerera ana athuwa. Galimoto inkabwerera ngati ikuchokera ku msika: mbuzi, nyemba, nkhuku. Palibe formador ankatsegula pakamwa kuti ndipatseni. Koma mwana wa mayi wosowa ankaona, ndipo nota yake inkangotsika yokha, osadziwa waitsitsa ndani. Ena tinawatulutsa ndi diploma osatha kuphunzitsa mwana kuwerenga dzina lake. Amenewo amakaima kutsogolo kwa adzukulu anu omwe. Ku comissão anzanga ankafuna tilembe kuti “pokhapokha ngati formador sanadziwe.” Ndinakana ndine. Tikanalemba choncho aliyense akanati sindinadziwe.
[14:52] Benvinda: ine si aliyense
[14:54] Custódio: Ndikudziwa.
[14:54] Benvinda: ndiye chatsala nchani. nenani mtengo womaliza
[14:58] Custódio: Njira ilipo imodzi. Formador wina, osati ine, abwere adzamuonerenso sukulu isanatseke Lachisanu la sabata ya mawa. Vuto ndi lakuti galimoto ilibe mafuta, ndipo a director aiimitsa chifukwa cha nkhani yomweyi.

LACHITATU

[06:52] Benvinda: mwadzuka a fomadori. transporte ndapeza. lole ya mlamu wanga ikubwera yopanda katundu kuchokera ku boda ku kalomwe. fomadori winayo akhala kutsogolo
[07:30] Custódio: Sizingatheke amayi. Kumunyamula ndi mphatso.
[07:31] Benvinda: lole ikudutsa kale pamenepo
[07:31] Custódio: Ndi ya mlamu wanu.
[07:33] Benvinda: chabwino. mafuta ndithira ine mgalimoto yanuyo
[07:34] Custódio: Imeneyo ndiye yoipa kuposa tambala.
[07:35] Benvinda: njinga yamoto ya kutchalitchi, kwa parokia
[07:36] Custódio: Wapempha ndani?
[07:36] Benvinda: ine
[07:37] Custódio: Ayi amayi.
[07:40] Benvinda: 🎤 (0:41) Abambo inu, kodi mwana wanga mukufuna akhoze kapena mukufuna lamulo lanu likhoze? Galimoto mulibe. Ndikupatsani, mukukana. Nanga abwera pa chiyani, pa tsache? Ine ndagulitsa ndi a Malawi pa Kalomwe, anthu okutsitsa mpaka ulire, koma pomaliza timagwirana dzanja. Inu simukutsika, simukukwera, mwangoima ngati chitsa pakati pa munda.
[07:44] Natércia: amayi BASI
[07:45] Benvinda: iwe phunzitsa ana
[09:12] Custódio: Lachisanu ndikupita ku Tete. Comissão ikukumana kuti ione momwe malamulo atsopanowa ayendera chaka choyamba. Nkhani ya Natércia ndikaitula kumeneko.
[09:13] Benvinda: ehee. mukanayamba ndi zimenezo
[09:14] Benvinda: mukawauze chonchi. ndalama ayi. mbuzi ayi. koma za mmunda inde
[09:17] Custódio: Lero thumba limodzi, chaka chamawa matumba atatu.
[09:17] Benvinda: theka la thumba
[09:18] Custódio: Amayi.
[09:18] Benvinda: beseni limodzi. apa ndafika pansi sinditsikanso
[09:20] Custódio: Si msika umenewu.
[09:23] Benvinda: 🎤 (0:52) Si msika? Anthu mukakhala pa tebulo, wina akuti chonchi wina akuti chonchi, mpaka mugwirizane, umenewo si msika? Kungoti wanuwo uli ndi mipando. Tsono ndikuuzeni chomwe chandiwawa. Ku tchalitchi akasintha nthawi ya misa amalengeza milungu itatu. A saúde akabwera ndi katemera amayenda ndi chimkuzamawu. Inu mwasintha mwambo wa mlendo, mwambo umene ndinaupeza kwa amayi anga, amene ngakhale ku kampu ya othawa nkhondo ku Dedza ankagawa ufa wopatsidwa kuti mlendo asabwerere choncho, ndiye eni alendofe munatiuza liti? Pa wailesi iti?
[09:31] Custódio: Ophunzira onse tinawawerengera lamuloli asanapite ku estágio. Makolo sitinawauze. Pamenepo mwanena zoona.
[09:32] Benvinda: ophunzira onse
[09:32] Benvinda: nate
[09:33] Benvinda: unadziwa?
[09:50] Benvinda: natércia ndikufunsa iwe
[10:05] Natércia: ndinadziwa
[10:05] Benvinda: osandiuza
[10:08] Natércia: ndikanakuuzani mukanamva? mukanati zachizungu zimenezo, mukanaikamo matumba awiri. ndinangoti mwina tsikulo mukhala ku Kalomwe
[10:09] Natércia: ubatizo wanga munakangana ndi a katekisita. 7ª classe munapita kukatsitsa mtengo wa uniforme pamaso pa anzanga. nthawi zonse mumalowa ndi mapazi onse
[10:10] Natércia: zaka zitatu amayi. zathera pa tambala
[10:11] Benvinda: zaka zitatuzo wadya chani
[10:11] Benvinda: ndasenza matumba mpaka khosi lalowa mkati kuti iwe ugwire choko
[10:14] Natércia: ndikagona ku nyumba za aphunzitsi mpaka izi zithe. musandidikire
[10:15] Benvinda: nate

Natércia watuluka m'gulu

[10:16] Benvinda: a fomadori mwaona
[10:29] Custódio: Musiyeni apume, amayi.

LACHINAYI
Benvinda kwa Natércia

[06:20] Benvinda: wadya
[06:21] Benvinda: bulangete lako lili pano kukuzizira
[12:47] Benvinda: ndatumiza ndi ilda wa tomato. kapena nalonso ndi mphatso
[16:02] Benvinda: 📞 sanayankhe
[16:03] Benvinda: 📞 sanayankhe

LOWERUKA
gulu “nota ya nate”

[08:10] Benvinda: mwafika ku tete
[11:36] Benvinda: akuti chani
[15:20] Benvinda: a fomadori kwatentha kumeneko mpaka zala zasungunuka?

LOLEMBA

[07:02] Benvinda: sabata ija ndi ino
[07:03] Benvinda: mukapanda kuyankha ndikwera shapa, kaminibasi kaja, ndibwera ndikhale pa geti panu ndi chitenje mchiuno
[08:44] Custódio: Mwadzuka bwanji amayi. Ndabwera dzulo madzulo. Ndinafuna ndikhale ndi chogwirika ndisanakuyankheni.
[08:44] Benvinda: nenani
[08:50] Custódio: 🎤 (1:15) Ndinapempha kuti mphatso ikabwezedwa tsiku lomwelo, ndipo nota inalembedwa kale, nota ikhale. Anakana. Mnzanga wina anandibwezera mawu anga omwe a chaka chatha, osasiya ndi limodzi lomwe. Wina anafunsa kuti kodi mtima wanga wafewa chifukwa batata za ku Lifidzi n'zokoma. Anthu anaseka. Ndiye 16 ija yapita, amayi, musaiyembekezenso. Zomwe avomera ndi ziwiri. Kuyambira chaka chamawa, lamuloli lizinenedwa kwa makolo m'Chinyanja pa msonkhano wa sukulu, ophunzira athu asanafike. Chachiwiri, nota ikafufutidwa, kuonereranso ndi udindo wa instituto, osati mwayi.
[08:51] Benvinda: chaka chamawa. wanga ndi wa chaka chino
[08:53] Custódio: Ine andiimitsa kuonerera mpaka kufufuza kuthe. Koma ndagogoda kwa anzanga mmodzimmodzi. Formadora Yara wavomera. Abwera Lachinayi pa chapa, yekha, ndi ndalama za m'thumba mwake.
[08:54] Benvinda: ndi wotani
[08:55] Custódio: Ndi wouma. Sapereka nota ya chisoni. Koma ndi wachilungamo.
[08:55] Benvinda: wouma ndimamudziwa pomugwira
[08:57] Custódio: Apa ndi pamene ndikukupemphani. Musamugwire. Aliyense akuyang'ana nkhaniyi. Atsikira pa siteji yanu pomwepo. Musamupatse kanthu. Chakudya ayi, mpando ayi, mwana womuperekeza ayi. Ikafufutidwa kachiwiri palibenso njira.
[08:58] Benvinda: madzi akumwa
[08:58] Custódio: Anyamula ake.
[08:59] Benvinda: moni
[09:00] Custódio: Akakupatsani muyankhe. Koma asadziwe kwa inu kuti ndinu mayi wake.
[09:03] Benvinda: 🎤 (0:16) Ndiye mukuti mlendo wa mwana wanga adutse pamphuno panga, ine ndikhale ngati ndine mtengo wa magetsi.
[09:04] Custódio: Tsiku limodzi lokha.
[09:11] Benvinda: mubwezereni nate mgulumu. ine sandiyankha

Formador Custódio waika Natércia

[09:20] Custódio: Natércia, Lachinayi, aula yoyamba ya m'mawa, kuwerenga. Formadora Yara. Konzekera.
[09:26] Natércia: sim senhor formador. obrigada. zikomo kwambiri
[09:27] Natércia: amayi mwamva zomwe anena?
[09:28] Benvinda: makutu ndili nawo
[09:28] Natércia: lumbirani
[09:29] Benvinda: mwana sauza mayi ake kulumbira
[09:29] Natércia: ndiye tsikulo pitani ku Kalomwe
[09:31] Benvinda: sindithawa pa malo anga ngati wakuba
[09:40] Benvinda: sindipereka kanthu. ndanena
[09:41] Benvinda: bulangete unalandira?
[09:44] Natércia: ndinalandira

LACHINAYI

[05:58] Benvinda: mvula
[05:58] Benvinda: nate mvula yayamba ngati yotumidwa
[06:10] Natércia: ndaona. ana abwera ochepa. makadi anga a zilembo anyowa pakona
[06:11] Benvinda: yanika pa moto patali
[06:49] Natércia: sanafike?
[06:50] Benvinda: shapa imodzi yadutsa. atsika azibambo awiri ndi mbuzi
[07:12] Natércia: belu lalira. a director a pano akuti ndiyambe ndi masamu, kuwerenga tidikire. akapanda kufika isanakwane 9 kalasi yanga ituluka
[07:13] Natércia: ndikuzimitsa foni
[07:13] Benvinda: zimitsa. usachite mantha ukulankhula ndi ana a anthu owadziwa
[07:46] Benvinda: a fomadori mayi wanu ali kuti
[07:58] Benvinda: a fomadori
[08:17] Benvinda: wafika. wa chikwama chakuda eti
[08:18] Benvinda: abambo inu simunandiuze kt ndi woyembekezera
[08:19] Benvinda: mimba yaikulu
[08:19] Benvinda: alibe ambulera
[08:21] Benvinda: 🎤 (0:27) A fomadori yankhani msanga. Wabisala pa khonde la chigayo, chikwama wachiika m'kati mwa juzi. Kusukulu n'kutali, kutsetsereka, matope okhaokha. Ine ambulera ndili nayo pano, yaikulu ija ndimafunditsira batata. Kubwereka si kupatsa. Abweza pobwerera. Ndimupatse?
[08:22] Benvinda: ambulera ndi mphatso?
[08:23] Benvinda: 📞 sanayankhe
[08:24] Benvinda: 📞 sanayankhe
[08:25] Benvinda: akuyangana wochi
[08:26] Benvinda: ndikamupatsa ilda kt apereke ngati yake?
[08:26] Benvinda: ayi timóteo naye ndinachita choncho
[08:27] Benvinda: YANKHANI
[08:29] Benvinda: akubwera kuno
[08:36] Benvinda: wapita
[08:36] Benvinda: sindinapereke
[08:52] Benvinda: nate wafika?
[09:34] Benvinda: nate
[10:20] Benvinda: ana atuluka ndawaona akudutsa. iwe uli kuti
[10:58] Benvinda: wadutsanso. zovala zamatirira. wakwera shapa ya ku vila, kutauni. nkhope sinawerengeke
[11:07] Natércia: amayi
[11:07] Benvinda: nena
[11:08] Natércia: anafika akunjenjemera. anakana ngakhale mpando wa a director, anakhala pa benchi ya ana. madzi akudontha pa simenti aula yonse
[11:08] Benvinda: NOTA
[11:09] Natércia: 14
[11:09] Natércia: ndakhoza amayi. asaina pamaso panga 😭
[11:10] Benvinda: 14
[11:10] Benvinda: inali 16. ziwirizo zapita kuti
[11:11] Natércia: akuti ndinafulumira, mwana wina wa pakona sindinamufunse. ndi zoona. ndimangoyang'ana madzi aja
[11:12] Natércia: amayi ndakhoza mwamva? diploma
[11:15] Benvinda: ndamva
[11:15] Benvinda: bwera kunyumba lero
[11:16] Natércia: ndibwera
[12:33] Custódio: Pepani amayi, ndinali kwa ofufuza m'mawa wonse, foni anandiuza ndizimitse. Natércia, parabéns. 14 ya a Yara ndi yolemera.
[12:34] Natércia: obrigada senhor formador
[12:35] Benvinda: funso langa mwaliona
[12:41] Custódio: Ndaliona.
[12:41] Benvinda: ambulera ndi mphatso kapena ayi
[12:49] Custódio: Sindikudziwa, amayi. Sitinaiganizire.
[12:56] Benvinda: 🎤 (0:58) Simukudziwa. Chabwino. Ndikuuzeni zomwe simunaone. Mayi uja anafika pa malo anga, madzi akutsika m'chibwano, nati, “Mwadzuka bwanji amayi, njira ya kusukulu ndi iti?” Ine ambulera ndinaikankhira kumbuyo kwa matumba ndi phazi. Ndinamulozera ndi chala, maso ali pa batata. Anatsetsereka atagwira mimba ndi dzanja limodzi, anaterereka pa mlatho paja, anadzuka yekha. Azimayi onse a pa siteji anandiyang'ana. Ilda, amene timadya mbale imodzi, wati, “Benvinda, unabadwa kwa munthu iwe?” Mwana wakhoza, zikomo, sindikuchotserani. Koma mukakakhalanso pa mipando yanu ku Tete, mukawauze kuti ku Lifidzi kuli mzimayi amene anabisira ambulera munthu wapakati. Mukanene dzina langa. Ndikufuna adziwe kuti lamulo lawo linasungidwa ndi ndani.
[12:57] ✓✓
[12:58] Formador Custódio akulemba…
[13:04] Formador Custódio akulemba…